Timagalasi ta M'maso mwa Temwa

Lolemba, 22 Okutobala 2007

M'mawa. Esinati wapita. Wakwera basi ya ku Thyolo kukamangitsa chiliza cha amayi ake, akuti abwera Loweruka. Wandisiyira mwana, kabokosi, mabotolo awiri ndi malamulo ochuluka kuposa a Mose.

Ndikulemba m'kope lakale la Temwa poti pakhomo pano palibenso wofuna kundimvera. Ndikangoti "kale ku Thyolo," aliyense amakumbukira kuti wasiya nyemba pamoto. Kope silithawa. Kulembaku ndinaphunzira ndili ndi imvi kale, ku sukulu ya kwacha, ndiye zilembo zanga zimayenda ngati nkhuku zodya masese, koma zimafika.

Nkhani ndi iyi. Temwa, mdzukulu wanga wa sitandade 4, saona patali. Chapafupi amaona bwino, ulusi pasingano amandilowetsera ndi iyeyo, koma pa bolodi akuti n'chifunga chokhachokha. Chaka chilichonse magalasi atsopano, ndipo atsopanowo okhuthala kuposa akale. Amene ali nawo panowa ali ngati pansi pa botolo, nawonso mphamvu inachepa kale. Mwendo umodzi ndinaumanga ndi waya.

Mayi ake, Esinati mwana wangayu, amagwira ntchito ya m'nyumba ku Joni, kwa dokotala wa maso. Pa holide anamutenga mwanayu, dokotala n'kumuyeza, ndiye pano wabwera ndi timagalasi toika m'diso mwenimwenimo. Inde, m'diso! Tolimba, ting'onoting'ono, ngati mamba a chambo. Akuti dokotala anati mwina tingachedwetse masowa kuti asapitirire kuipa msanga. Mwina. Madokotala ndi olosera za mvula anabadwa kwa mayi mmodzi.

Tsono mawu amene wandisiyira pakhomo, chikwama chili kale pamutu: "Bambo, Loweruka ndikapeza mwanayu akuvala bwinobwino, akhala nanu. Zikakanika apita kwa azakhali ake ku Area 47."

Azakhali akewo ndi a Nyagondwe, mlongo wawo wa malemu bambo a Temwa. Namwino, nyumba ya mpope wa m'kati. Akhala akumufuna mwanayu chiikire maliro a mlongo wawo. Ine ndamulera kuyambira akukwawa, kuno ku Chinsapo, ndi manja omwewa.

Malamulo a Esinati:
kusamba m'manja ndi sopo, osati kungonyowetsa;
madzi a pachitsime ayi, a m'botolo okha;
malovu ayi (wabwereza, akuyang'ana ine);
ka kumanja m'diso la kumanja, ka kumanzere kwawo;
kuyamba pang'ono, n'kumawonjezera tsiku ndi tsiku;
kuvula asanagone;
"ndipo bambo, pomuika musamalankhule."

Lomalizali ndi chipongwe chabe.

Ndasamba m'manja. Sopo wachepa, zala zikadali bii. Zaka zonsezi ndikukhoma ndowa ndi mbaula, dzimbiri linamanga mudzi m'khungu langa, silisamuka lero. Kagalasi pachala. Chala chikunjenjemera! Chala chomwechi chikagwira nyundo chimakhala phee, lero chaganiza zovina tchopa.

Temwa ali pampando, nkhope kumwamba. Chala chikuyandikira, diso tseke! Ndikubwerera, diso tong'o! Ndikuyandikira, tseke!

"Agogo, chala chanu chikununkha malata."

Ndikumuuza nkhani ya fisi amene ndinamupha ndi nyundo ku esiteti ya tiyi, kuti aiwale mantha. Akuseka. Poseka maso akutsekeka onse awiri. Belu la kusukulu lalira. Wapita ndi akale a waya aja.

Madzulo. Tayesanso. Palibe chalowa m'diso kupatula fumbi. Chatuluka ndi misozi, yambiri yake, pang'ono yanga. Ndatopa ngati ndakhoma denga la tchalitchi ndekha. Koma masiku alipo.

Lachiwiri, 23 Okutobala

Madzi asiya pa kiyosiki. Ndaima pamzere wa amayi ndi ndowa yanga, bambo ndekha, dzuwa likuwotcha dazi. Mtsikana wina: "Agogo, mwakwatiwa liti?" Sindinamuyankhe. Ndamuyankha pang'ono. Mzere wayenda osandiuza.

Temwa wapita kusukulu ndi akale aja. Ntchito ya timagalasi tachita kudikira aweruke.

Masana. KALOWA! Ka kumanzere kalowa! Sindikudziwa kuti kalowa bwanji. Ndinayetsemula, chala chinapita chokha.

"Mayo! Muli mchenga! Agogo chotsani, chotsani... dikirani. Musachotse."

Akuphethira ngati nkhuku yoona kabawi. Misozi chuu. Koma kakhala.

Ka kumanja. Sopo. Chala. Tchopa. Kagwa.

Kagwa! Osamveka n'komwe. Chinthu chochokera ku Joni, kugwa ngati sichinagwe.

Aliyense asasunthe! Ndagwada. Mawondo anga anasiya kugwada chaka chimene tinaika amayi a Esinati, ngakhale ku tchalitchi amadziwa, koma lero agwada. Temwa akufunafuna ndi diso limodzi, linalo watseka ndi dzanja. Ana a pakhomo abwera. Amayi awo abwera. A landilodi abwera ndi tochi masana dzuwa likuswa mtengo.

Zimene tapeza pansi pa bedi ndi kuseri kwa kabati:
supuni imene ndinanamizira mwana wa a landilodi;
mabatani osafanana;
chiphaso cha sikelo cha Temwa;
dzino, sitikudziwa la ndani;
buluzi wouma;
mamba enieni a chambo, amene atisangalatsa kwa kanthawi.

Nkhuku ya a landilodi yalowa n'kujompha kanthu pansi. Khamu lonse kuuu! Aigwira. Mnyamata wina wathamangira mpeni. A landilodi: "Mukaipha ndiwo ndi zanga, galasi ndi lanu, lendi ikwera." Nkhuku yapulumuka chifukwa Temwa wakuwa:

"Agogo musagwedezeke! Kali m'ndevu zanu!"

M'ndevu. Nthawi yonseyi ndimakwawa nako.

Ndakatsuka ndi madzi a m'botolo, koma mwana watopa, diso la kumanzere lafiira. Tachotsanso kamene kanalowa kaja ndi kampira kake kokokera. Tabwerera pamene tinali dzulo, kusiyana kwake n'kwakuti lero mawondo akulira.

Mmodzi yekha sanabwere kudzafuna nawo: a Nachisale, a kuseri kwa mpanda, ogulitsa tomato. Amayi amenewa ndi odziwika Chinsapo yonse pochotsa zitsotso. Kanthu kakagwa m'diso, kaya ka mankhusu, kaya kachirombo, ena amangouzira mpweya, koma iwo amatsegula chikope n'kupititsa lilime kamodzi, laku! Chitsotso chili panja. Anthu amachokera ku Likuni kudzanyambitidwa. Ndawamva akuyankha mwana wina kuseri kwa mpanda:

"Galasi m'diso? Wanena ndani? Agogo ake a Temwa? Aaa, zija za fisi zija."

Fisi uja ndinamuphadi. Kungoti chaka chilichonse amakulako pang'ono.

Lachitatu, 24 Okutobala

Ndadzuka ndi nzeru. Munthu wokhoma malata sagonja kwa kanthu kogwa. Ndadula chidutswa cha lata latsopano, ndapinda m'mbali monse kuti musacheke, ndakhoma kathireyi kozama bwino, pansi ndayala kansalu koyera. Kagalasi kakagwa, kagwere m'menemo. Pangodya ya kumanja ndaboola n'kumanga ulusi wofiira, kuti tisasokoneze mbali. Ku Joni alibe chimenechi. Dokotala akanachiona akanavula chipewa.

Kasitomala wa mbaula wabwera, ndamuuza abwere mawa. Wati mawa lake ndi lachingati. Anthu alibe chisoni.

Masana. Temwa waweruka. Thireyi pamiyendo, kalilole patsogolo. Ndasamba m'manja, ndikumufotokozera bwinobwino mmene tichitire, kuti diso lili ngati ndowa, sulikakamiza, umalinyengerera, monga anandiphunzitsira mmisiri wanga woyamba ku Luchenza, munthu wa khutu limodzi, amene khutu linalo analisiya m'kamwa mwa bulu pa ukwati wa mlamu wake, tsiku limene mvula...

"Agogo, ndamaliza."

Wamaliza chiyani?

Waika yekha. Tonse tiwiri. Ine ndili ndi bulu ku Luchenza.

Ndakhala pansi. Sindikudziwa ngati ndikondwe kapena ndikwiye. Ndakondwa.

Waima pakhomo, misozi ikutsika, koma akuyang'ana uku ndi uku ngati mlendo wotsika basi.

"Agogo, pa waya wa magetsi paja pali nsapato!"

Nsapato imeneyo yakhala pamenepo zaka, iye sanaionepo.

"Mango aja ayamba kale kubereka! Agogo, uyo akubwera apoyo ndi aphunzitsi athu, avala malaya a dzulo. Agogo... kodi kumutu kwanu kulibiretu tsitsi chonchi?"

Dokotala uja akanachepetsako mphamvu pang'ono.

Wavala mpaka dzuwa kupendeka, wavula yekha, watsuka yekha, waika m'kabokosi. Ine ntchito yanga kugwira thireyi. Ndaigwira bwino kwambiri.

Madzulo ndapita pa bawo. Sindinafune kunena. Ndangotchulako. Pofika pomwe nkhomo zanga zimadyedwa, onse amadziwa za Joni, za ndevu, za thireyi. Wina akuti ndi za satana. Wina akuti kagalasi kadzazungulira kuseri kwa diso n'kukalowa mu ubongo. Mdala wina wa ku Ntcheu, osadzutsa mutu pa bawo: "Linda madzi apite, achimwene." Nsanje.

Esinati waimba pa foni ya a landilodi. Ndamuuza kuti zonse zatheka, akauze a ku Area 47 kuti bedi limene ayala agonepo alendo. Ndimati ndimufotokozere za thireyi, mayunitsi amuthera. Kapena wadula. Mawu ake omaliza: "Fumbi, bambo. Musamale fumbi."

Fumbi ku Chinsapo mu Okutobala. Ndilisamale bwanji, ndilimange chingwe?

Lachinayi, 25 Okutobala

Lero wavala kupita nato kusukulu. Akuti akufuna akakhale kumbuyo kamodzi m'moyo wake, aone ngati n'zoona kuti kumbuyo kumakoma. Esinati anati pang'onopang'ono. Koma mwana wapempha, ndipo dzulo zinayenda. Ndalola. Magalasi akale ndamuikira m'thumba, ndi kabokosi, ndi kampira.

Ndakhoma mbaula ya kasitomala uja ndikuimba. Ine kuimba!

Masana. Kutentha kwake kosayamba. Kamvuluvulu wadzuka cha ku bwalo la mpira, wanyamula majumbo, mapesi, kabudula wa munthu, wadutsa pamsika wa tomato. Ndamuona ndi maso angawa ndipo ndaseka. Ndaseka!

Kenako ana akuthamanga: "Agogo! Agogo! A Nachisale adya diso la Temwa!"

Sindikumbuka kuti ndathamanga bwanji. Nyundo ndafika nayo m'manja, anthu athawa.

Nkhani yake, monga ndaitolera kwa amayi a pamsika, onse akulankhula nthawi imodzi: kamvuluvulu wamupeza Temwa akuchokera kusukulu. Fumbi lalowa pansi pa kagalasi ka kumanja. Mwana wakhala pansi pamsewu, akulira, akutikita. A Nachisale amuona ali pa benchi lawo. Mwana wa mnzako ndi wako yemwe, asiya tomato, amugwira mutu, amupana pakati pa mawondo monga amachitira ndi ana onse. Temwa akukuwa kuti muli galasi, muli galasi. Iwo: "Khala chete iwe, agogo ako akuwononga mutu." Chikope tsegu. Lilime laku!

Amva chinthu cholimba pa lilime. Akuti m'zaka zawo zonse sanakumanepo ndi chitsotso chotere, chozungulira bwino ngati chochita kusula. Amati achilavule aonetse anthu. Temwa pofuna kuchilanditsa wawalumphira pakhosi. Iwo mwadzidzidzi, kwiti!

Ameza.

Ameza Joni. Ameza dokotala. Ameza Loweruka langa.

Ndawapeza atakhala pansi, miyendo tambalale, dzanja pamimba, maso ali pa ine. "Agogo ake a Temwa... kodi zinali zoona?"

Moyo wanga wonse ndakhala ndikudikira kuti a Nachisale andifunse funso limeneli. Silinakome.

"Nanga inuyo mukanena zoona bwanji osasintha nkhope? Mumanena chimodzimodzi ndi zabodza!"

Amayi onse avomereza. Mlandu wagwera ine. Nyundo andilanda.

Madzulo. Ka kumanzere tachotsa, kali kokha m'kabokosi ngati wamasiye. Diso la kumanja lafiira ngati tomato wa a Nachisale omwewo. Temwa sakulankhula. Ine sindikulankhula. A landilodi abwera kudzafunsa ngati ndikudwala.

Lachisanu, 26 Okutobala

Diso lamatana ndi manthongo. Ndalipukuta ndi kansalu ndi madzi owiritsa. Likutseguka pang'ono, likuopa kuwala. Sukulu lero ayi.

Nzeru zimene ndadzuka nazo:
kudula kena pa botolo la pulasitiki (ndayesa, kakuoneka ngati chikhadabo);
mamba a chambo aja (Mulungu andikhululukire, ndawayang'ana);
kuuza Esinati kuti dokotala wina wati diso limodzi lizipuma;
kudikira m'mimba mwa a Nachisale.

Yomalizayi ndapita nayo mpaka pa mpanda. Nanga bambo wa msinkhu wanga angafunse bwanji mayi wa eni ake nkhani yoteroyo? Ndangoti, "Mwadzuka bwanji, ndipo... zinthu zikuyenda?" Chitseko chatsekedwa.

Kwawoko kuli ngati pa maliro. Agona pamphasa, akuti galasi likuwacheka m'matumbo, akulimva likuyenda. Amayi a mvano abwera kudzapemphera. Wina wabweretsa mkaka, wina nthochi, wina therere kuti literere. Mdzukulu wawo akuuza anzake kuti agogo ake tsopano akuona ndi mchombo. Tomato akuola pa benchi.

Ndabwerera m'nyumba. Temwa wakhala pakona, nsalu kumaso.

"Agogo, ndiwauza amayi kuti ndinataya ndekha kusukulu. Diso lipola pofika mawa. Tingokhala chete."

Mwana wa sitandade 4 kundiphunzitsa kukhala chete.

Ndayang'ana disolo bwinobwino pakhomo, pamene pali kuwala. Ine sindine dokotala. Koma ndowa ikayamba dzimbiri pamsoko ndimadziwa kuti siidikira mawa. Chipatala chathu chaching'onochi akangotipatsa panado. Munthu amene angatilowetse kwa a maso lero lomwe ndi mmodzi. Amakhala ku Area 47.

"Tisapite, agogo. Akadziwa anditenga."

Ndikudziwa, a dona. Vala nsapato.

Minibasi. Fumbi. Kondakitala akuti mwana akhale pamiyendo, miyendo yake iti. Tatsika, tayenda m'misewu ya mipanda ya njerwa, agalu akutiuza za umphawi wathu geti ndi geti.

A Nyagondwe tawapeza akukonzeka kupita ku ntchito. Njira yonse ndimakonza nkhani: kamvuluvulu wamkulu ngati nyumba, ine kulimbana naye. Atsegula geti, ayang'ana diso, nkhani yanga yauma pakhosi. Ndanena mmene zinakhalira, mwachidule. Ine, mwachidule!

"Lilime, adada?" Amanditchula adada, monga kwawo ku mpoto.

Lilime.

"M'diso?"

M'diso.

"Ndiye... ameza?"

Atembenuka kuyang'ana kukhoma. Mapewa akugwedezeka. Ndimayesa akulira.

Akanandikalipira bwenzi zili bwino, ndikanawayankha. Koma andipatsa mpando, tiyi wa mkaka, buledi wopaka. Atitengera ku chipatala cha maso pa galimoto ya amuna awo. Kumeneko akuti diso lakandika pang'ono ndipo lalowa tizirombo, lipola, mwachita bwino kubwera lero. Mankhwala odontheza. Timagalasi ayi mpaka lipoleretu. Ndafunsa ngati kotere kamapezeka muno mu Lilongwe. Dokotala wachinyamata waitana mnzake kuti adzaone kotsalako.

Pobwerera a Nyagondwe atitula pamsewu wa ku Chinsapo. "Mwachita bwino, adada."

Kasitomala wa mbaula anabwera, sanandipeze, watenga mbaula ya munthu wina.

Loweruka, 27 Okutobala

Madzi asiyanso. Mankhwala ndadontheza, theka m'diso theka patsaya. Kufiira kwachepa.

Ndasesa pabwalo. Ndameta ndevu, zisadzasungenso katundu wa anthu. Ndavala jekete. Thireyi ndaiika poonekera.

Masana. Esinati wafika, fumbi la Thyolo ndi la Chinsapo lakumana pankhope. Sanafike n'komwe pakhomo, nkhani waimva kale: kwa kondakitala, kwa wogulitsa makala, kwa ana amene amulandira chikwama. Ena amuuza kuti a Nachisale ameza diso lenileni. Pakamwa panga pabereka ana, ndipo anawo akula kuposa bambo wawo.

Wagwada, wayang'ana diso la mwana wake nthawi yaitali. Ine ndayamba: "Mwana wanga, kamvuluvulu ameneyo..."

"Bambo, a Nyagondwe anandiimbira dzulo."

Basi. Nkhani yonse ndinaikonza ndi mitu yake, yafera m'jekete.

Watsegula kachikwama ka m'manja, watulutsa kabokosi kena. Timagalasi tina tiwiri, tatsopano.

"Dokotala anapanga mapeyala awiri. Ndinasunga."

Unasunga chifukwa chiyani?

Wangondiyang'ana mmene ankandiyang'anira mayi ake ndikanena kuti ndibwera msanga.

Ndayesa. Ndati mwanayu amavala yekha, waona? Ndati thireyi iyi. Ndati a Nachisale sangamezenso kachiwiri, aphunzira. Ndati mvula ikubwera, fumbi litha.

"Likatha fumbi kubwera matope, bambo. Madzi lero alipo?"

Palibe.

"Si chilango. Inu munachita zonse. Koma maso ndi awiri okha, ndipo ine ndili kutali."

Temwa kuchipinda: "Ine sindipita!" Kenako, motsitsa: "Kuli TV?"

Mwana ndi mwana.

Madzulo a Nachisale atulukira, atsamira ndodo imene sanakhalepo nayo, mbale ya tomato m'manja. Agwada kwa Esinati, apepesa, alira, Esinati walira, apepesana mpaka tomato wagubuduka. Ponyamuka anditembenukira ine, maso pansi:

"Agogo ake a Temwa, katundu wanu uja anadutsa m'mawa. Ngati mukumufunabe, mukudziwa kumene ali."

Ndawathokoza. Ndati akhale naye.

Lamulungu, 28 Okutobala

Kutchalitchi sindinapite. Abusa amvanso nkhaniyi, ndikuopa kukhala chitsanzo.

Katundu wa Temwa: chikwama chimodzi, jumbo ya makope, yunifolomu, mankhwala, kabokosi. Zaka zonsezi kukwana m'manja awiri. Chiphaso cha sikelo chija ndasunga ine.

Esinati basi yake ya ku Joni ndi ya mawa, agona ku Area 47 ndi mwana. Ndawaperekeza. Sanandipemphe.

Ku Area 47 chipinda chayalidwa kale, bedi lija ndinati agonepo alendo. Bafa la matailosi, sinki yoyera, kalilole wamkulu, sopo wa madzi. A Nyagondwe akuonetsa mwana pamene aziikira timagalasi diso likapola. Temwa watsegula jumbo ya makope, watulutsa thireyi yanga. Sindinaone pamene anailowetsa.

"Pano pali sinki, mwanawe, sufunika chimenecho."

"Sinki ili ndi bowo, anti. Ya agogo ilibe."

A Nyagondwe ayang'ana sinki, ayang'ana thireyi, aiika pashelefu pafupi ndi mswachi. Ine ndayang'ana kudenga. Denga lawo ndi labwino, lilibe pokhoma.

Akuti Loweruka lililonse azibwera kudzandiona. Akuti. Ndafunsa a Nyagondwe ngati timagalasiti tithandizedi masowa. Ati, "Mwina, adada." Nawonso.

Potsanzikana Temwa sanalire, ine sindinalankhule, aliyense wachita chimene sachita. Ndayenda mpaka pokhota msewu, ndatembenuka. Pa geti pali zinthu zitatu zoimirira. Maso angawa nawo anayamba kale chifunga, sindinauzepo munthu. Ndakweza dzanja kwa chachifupi. Sichikuyankha. Kenako ndamva mawu a Esinati:

"Temwa, agogo ali uko! Uwo ndi mtengo!"

Iye amabayibitsa mtengo ndi magalasi ake a waya. Ine ndimabayibitsa bini ya zinyalala. Tatembenuka tonse, tabayibitsana mongoyerekeza.

Minibasi. Fumbi. Chinsapo.

M'nyumba muli zii. Sopo watsala kachidutswa. Madzi abwera pa kiyosiki, lero, pamene palibe wosambira m'manja. Singano ndayesa kulowetsa ulusi ndekha, ndasiya, batani lidikire Loweruka.

Dzuwa lapendeka. Ndakhala pakhonde ndi kope ili. Kuseri kwa mpanda kukumveka kutsokomola.

"Agogo ake a Temwa. Mwabwerako?"

Ndabwerako.

Kenako mpando ukukokedwa kufupi ndi mpanda.

"Fisi uja... anali wamkulu bwanji kwenikweni?"

Chinsapo yonse, womvera amene ndatsala naye ndi amene anandimezera mdzukulu. Chabwino. Nditseke kope.

Anali ngati galu, mayi. Galu wowonda. Koma khalani bwino, nkhani yake ndi yaitali.